Mota pa Njinga ya Achimwene

Tsiku loyamba kuona munthu akukwapulidwa pa siteji ya akabaza pa Limbuli, amene ankawerenga zikwapu anali achimwene anga. Ndinkachokera kusukulu, ndili Sitandade 7, ndipo ndinaima kuseri kwa lole kuti ndione chimene anthu anaunjikanira. Munthuyo anamugoneka chafufumimba pa matumba awiri a chimanga, amuna anayi atamugwira manja ndi miyendo. Wachisanu anali ndi legeni, mphira wa chubu umene amamangira katundu pa kaliyala, atalipota katatu n'kuliviika m'madzi. Achimwene ankawerenga mofatsa, osakweza mawu. Pofika chikwapu chachisanu ndi chitatu khungu linali litang'ambika, ndipo munthuyo anasiya kukuwa, ankangoluma thumba. Zitakwana khumi ndi ziwiri, achimwene anamupatsa madzi akumwa, nachotsa tcheni pa njinga yake, namuuza kuti adzatenge pakapita masiku atatu.

Mlandu wake unali wodumpha mzere. Ntchito yaikulu ya pa sitejipo si kunyamula anthu ayi, ndi chimanga. Chimanga chimachokera ku Mozambique n'kuwoloka mtsinje wa Muloza, koma malole a mavenda amadikirira pa Limbuli. Pakati pa mtsinje ndi malole pali tinjira ta m'minda ndi chitunda chimodzi choipa, ndipo ndi njinga zokha zimene zimadutsamo, matumba atatu pa ulendo. Lamulo linali lakuti katundu akapezeka, amatenga amene ali kutsogolo kwa mzere. Katunduyo akachuluka amagawana ndi otsatira, atatuatatu, kuti aliyense apite kwawo ndi kandiwo. Wobwerako amakaima kumapeto. Munthu uja anapangana ndi venda kuseri kwa magolosale, natenga matumba mobisa anzake akudikira.

Nditafika kunyumba tsiku limenelo ndinakana kuwalonjera. Ndinawauza kuti ndi munthu wankhanza ndipo sindidzakweranso njinga yawo. Anaseka pang'ono, kenako anandiuza kuti mzerewo usanabwere amuna ankatemana ndi zikwanje polimbirana thumba limodzi, ndipo iwo ananyamulapo mnzawo wina m'manja, matumbo ali panja, n'kuwafera asanafike pa msewu. Iwo ndi mnzawo wina wamfupi, amene anayamba naye kupalasa chaka chimodzi, ndiwo anakhazikitsa mzere ndi chilango chake. Ndinawayankha kuti nkhanza ndi nkhanza basi. Mawa lake ndinakwera njinga yomweyo, chifukwa sukulu inali kutali.

Makolo athu anabwera kuchokera kutsidya ku Mozambique nthawi ya nkhondo, achimwene ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ine ndinabadwira konkuno. Bambo anamwalira ndisanayambe sukulu, mayi anathyola tiyi ku esiteti mpaka chifuwa chinawatenga, ndipo achimwene anasiya sukulu nayamba kupalasa. Chilichonse chimene ndinavala ndi chimene ndinaphunzira chinatuluka m'miyendo yawo. Pamene ndinkayamba kuphunzitsa zamakina pa yunivesite ina mu mzinda, iwo anali atapalasa zaka zoposa makumi awiri, ndipo mawondo anali atatha. Akamadzuka pa mpando, mawondowo ankalira ngati chitseko chakale. M'mawa uliwonse alamu anga, akazi awo, ankawathowa ndi madzi otentha, apo ayi sakanatha kukwera njinga. Adokotala anawauza kuti akapitiriza kukankha matumba pa chitunda chija, zaka ziwiri sizitha asanakhale pansi.

N'chifukwa chake kafukufuku wanga anali wa njinga. Ndinkafuna kamota kolowa pa tayala lakumbuyo la njinga wamba, ndi batire lotchaja ndi dzuwa, koti kazimuthandiza munthu pa chitunda ali ndi katundu. Zaka zitatu ndinawotcha mamota osawerengeka pamodzi ndi zala zanga zomwe. Anzanga kuntchito ankanditchula kabaza wa digiri, ndipo mmodzi anandifunsa pa msonkhano ngati ndimanyamulanso anthu Loweruka. Ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ndipo sukulu sinaukonze. Koma mota inatheka, ndipo nditalemba za iyo, pulofesa wina wa ku Ulaya anawerenga.

Yunivesite yawo inali itangogwirizana ndi yathu kuti kafukufuku asamathere m'mashelefu, azisanduka makampani. Anatitsegulira ofesi ya mipando yamitundumitundu, natiphunzitsa kufotokoza nzeru zathu m'mphindi zitatu pamaso pa anthu a ndalama. Madokotala a maphunziro amene ankatha maola awiri pa mawu oyamba okha anaona zakuda, belu likulira iwo asanamalize kuthokoza akuluakulu. Ine zinandiyendera, chifukwa nkhani yanga inali yaifupi: mawondo a munthu, chitunda, mota. Anandiitana kwawo milungu iwiri. Pulofesayo anali bambo wamtali, waulemu, wokonda ntchito yake moona, ndipo sindimunenera zoipa. Anandionetsa khoma lodzaza ndi zizindikiro za makampani amene anabadwa m'manja mwa ophunzira ake. Ndisaname, mtima wanga unalakalaka kachizindikiro kanga pakhoma limenelo.

Tsiku lomaliza tinakhala pansi kukonza dongosolo. Anati mota ndi yabwino, koma oika ndalama safuna mota, amafuna umboni. Tiyese njinga zisanu pa Limbuli, iliyonse ikhale ndi kachipangizo kowerenga maulendo. Ndipo opalasawo asakhale anthu ongodikira, akhale eni bizinesi: venda aziimba foni, iwo azinyamuka pompo. Ndinakweza chala n'kunena motsitsa mawu kuti kwathu kuli mzere. Pulofesa anamwetulira, nati zinthu ngati zimenezo ndi zimene nzeru zatsopano zimabwera kudzachotsa. Onse m'chipindamo anaseka. Ine, amene ndinaonapo msana wa munthu ukung'ambika chifukwa cha mzerewo, ndinaseka nawo, n'kupitiriza kulemba.

Opalasa anayi tinawasankha ndi mafunso a papepala, achinyamata odziwa kachingerezi. Wachisanu ndinaumirira kuti akhale achimwene. Ku siteji sitinapiteko kukapempha, tinangotumiza kalata yokhala ndi zidindo ziwiri. Nthawi imeneyo tcheya wa siteji anali mnzawo wamfupi uja. Achimwene anakana njinga yatsopano imene tinabweretsa, nati ngati pali mota ilowe pa njinga yawo yakale. Ndinaimanga ndekha pabwalo, iwo akundipatsira masipanala n'kumandinena kuti ndikumanga ngati munthu wa mu ofesi. Nditamaliza anaiyang'ana nthawi yaitali, nati avomera pokhapokha akhalebe pa mzere ngati wina aliyense. Ndinati palibe vuto.

Mwezi woyamba ndi umene ndimaukumbukira ndikafuna kudzizunza. Ndinaima pamwamba pa chitunda n'kuwaona akukwera ali pa chishalo, matumba atatu kumbuyo, akuseka mano onse panja, anzawo akukankha zawo n'kumawatukwana mocheza. Alamu anasiya kuwiritsa madzi m'mawa. Lamlungu lina achimwene anayenda pansi mpaka kutchalitchi n'kugwada pa nthawi yogwada, chinthu chimene anali atasiya kalekale. Ku siteji kunali kung'ung'udza, poti iwo ankabwerako msanga n'kulowanso pa mzere ena asanafike n'kumtsinje komwe. Koma lamulo silinaswedwe, ndipo a tcheya anati zisiyeni.

Achinyamata aja ndiwo anayamba kuyankha mafoni, monga tinawaphunzitsira. Woyamba anamulanda tcheni. Wachiwiri anamugoneka pa matumba n'kumupatsa zake khumi ndi ziwiri. Wachitatu anadziona wochenjera, nati njinga ya mota palibe angaipeze. Anamutchingira kumtsinje ndi chingwe chokoka pakati pa mitengo iwiri, chinamukola pakhosi, nagwa chagada. Anamugulula mano awiri ndi pompi, mota yake n'kuiponya m'madzi. Ndinakamuona kwawo, nkhope itatupa moti mayi ake ankamumwetsa phala ndi kasupuni, ndipo mayiwo sanandipatse mpando. Pakutha pa sabata imeneyo onse anayi anali atasiya njinga pakhomo pa shedi yathu yotchajira mabatire, osatsanzika. Anatsala achimwene okha, ndipo kachipangizo kawo kankaonetsa maulendo ochepa, chifukwa theka la tsiku ankangokhala pa mzere.

Munthu wanzeru akanaimitsa zonse pomwepo. Koma apa n'kuti pulofesa atalemba kale kuti akubwera ndi alendo awiri oti aike ndalama mu kampani. Za mano a mnyamata uja sindinamuuze, ndinangoti pali timavuto tochepa. Iye anandiuza mosabisa kuti maulendo akakhala ochepa choncho, mgwirizano ukayesa kwina ndipo mamota onse adzatengedwa. Ndinakwera minibasi Loweruka, ndipo ndinafika kumudzi nditakwiya kale.

Ndinawapeza akumanga masipoko pansi pa mtengo wa mapeyala. Ndinawauza kuti ndataya zaka zitatu chifukwa cha mawondo awo, kuti mota ikapita abwerera kokankha, kuti mzere wawowo sudzawapatsa miyendo ina. Pakamwa panga ndikapsa mtima sipaona wamkulu. Ndinanenanso kuti adzafa ali mphawi akulondera lamulo la anthu osapita kusukulu. Alamu anasiya kusenda chinangwa n'kulowa m'nyumba. Achimwene sanayankhe za sukuluzo.

“Iwe, lamulolo ndinaika ndine,” anatero. “Ndikaliswa ine, adzaligwira ndani?”

Ndinati muziyankha mafoni a mavenda mpaka Lachisanu basi, alendo akapita mudzabwerera pa mzere. Chimene sindinawauze n'chakuti nambala yawo ndinali nditaigawa kale kwa mavenda onse pa Limbuli. Foni inayamba kulira Lolemba m'mawa. Alamu anandiuza pambuyo pake kuti inalira kanayi iwo akungoiyang'ana, kachisanu anayankha.

Lachitatu masana a tcheya anabwera kunyumba. Anatsamiritsa njinga yawo pa nkhokwe, anavula chipewa, nakhala pa mpando umene alamu anawapatsa. Anayamba ndi za mvula ndi za mwana wawo, amene achimwene anamuimira pa ubatizo. Ine ndinali pakhonde ndi laputopu yanga, ndipo sanandiyang'ane n'kamodzi komwe. Kenako anati anyamata pa siteji akufunsa ngati legeni limasankha misana.

“Kamarada, mnzanga, ine ndakugwirirani anthu masiku atatu. Ena sanaone katundu chiyambire Lolemba. Za mawa ndi mkuja sindilonjeza.”

“Ndamva,” anatero achimwene. “Lachisanu likadutsa ndidzabwera ndekha kudzagona pa matumba.”

A tcheya anavala chipewa n'kumapita, osavomera, osakana. Ine ndinadziuza kuti pofika tsikulo ndidzakhala nditapeza njira, mwina kuwagulira zakumwa, mwina kuwalonjeza mamota awo kampani ikabadwa. Ndinkaganizabe kuti ndine wochenjera kuposa onse pa Limbuli.

Lachinayi m'mawa tinapeza masola a pa shedi ataswedwa onse ndi miyala, mawaya atadulidwa, chitseko atachipaka zonyansa. Batire limodzi lokha linapulumuka, chifukwa linagona kunyumba. Ndinapita ku siteji ndekha dzuwa lili pamutu. Sindinalonjere munthu. Ndinaponda njinga yoyamba pa mzere, inagwera inzake, zonse zinagwerana mpaka kumapeto. Ndinawatchula ng'ombe za ngolo, amantha oswa magalasi eni ake kulibe. Ena mwa amunawo anandinyamulapo ndili kamwana, ena anakumba nawo manda a mayi anga. Mmodzi anatola mwala, koma a tcheya anamugwira mkono.

“Achemwali, pitani,” anandiuza. “Nkhani yathu si ya inu.”

Ndinachoka ndikudzimva kuti ndawaphunzitsa. Achimwene atamva zimene ndinachita anakana chakudya, nakhala panja akupukuta njinga imene inali yoyera kale.

Lachisanu alendo anafika m'mawa pa magalimoto awiri oyera, msika utadzaza kale. Tinamanga chinsalu cha zizindikiro za mayunivesite awiri pakati pa mitengo ya bulugamu. Wojambula wa alendowo ndiye anasankha malowo chifukwa phiri linkaoneka bwino kumbuyo, ndipo malowo anali moyang'anizana ndi siteji. Alendo ankafuna kuona katundu weniweni, osati zachionetsero. Venda wina anali ndi matumba khumi ndi awiri kumtsinje. Pa mzere ameneyo anali katundu wa amuna anayi, ndipo anayi akutsogolo anali atadikira chiyambire m'bandakucha. Ine ndinapangana ndi vendayo kuti onse atenge achimwene, anayianayi, maulendo atatu, mlendo wina akuyang'ana wotchi. Achimwene atamva anandiyang'ana, kenako anayang'ana kutsidya kwa msewu, nakwera njinga.

Ulendo woyamba anabwerako mofulumira kuposa mmene ndinalonjezera. Alendo anawomba m'manja, pulofesa anandigwira paphewa, wojambula anagwada mu fumbi kuti ajambule tayala. Kutsidya kwa msewu kunali zii. Amuna oposa makumi atatu anakhala pa njinga zawo, ndipo amayi ogulitsa nthochi pafupi nawo anayamba kulongedza.

Achimwene akubwera ulendo wachiwiri, amuna aja anaimirira onse pamodzi, nadutsa msewu, natseka kanjira pamene kamatulukira pa phula. Awiri anakoka matumba pa mulu wa venda wina n'kuwagoneka pansi. A tcheya anali ndi legeni m'manja, madzi akudontha. Sanakuwe. Anati chilango sichingadikirenso, chichitike pompano anthu onse akuona, ndipo nkhani ithera pomwepo.

Achimwene anaima, anatsika, napatsa mnzawo wina njinga kuti aigwire ndi katundu wake. Kenako anayamba kumasula mabatani a malaya. Anali atavomera. Zikwapu khumi ndi ziwiri, masiku atatu opanda tcheni, ndipo sabata yotsatira akanakhala pa mzere ndi miyendo yawo iwiri. Izi ndimazidziwa lero, ndipo ndinkazidziwa tsiku lomwelo. Koma ndinaona msana wawo, msana umene ndinkaukumbatira popita kusukulu, ndipo kumbuyo kwanga kunali alendo ndi kamera yawo. Sindinganame kuti chinali chikondi chokha. Analinso manyazi, oti azungu aone mchimwene wa dokotala wa zamakina akukwapulidwa pa matumba. Pansi panali chidutswa cha njerwa. Ndinachitola, ndinathamanga, ndinawamenya nacho a tcheya pamwamba pa diso ndi mphamvu zanga zonse.

Magazi anawaphimba nkhope nthawi yomweyo, nagwa chokhala. Kuyambira pamenepo panalibenso lamulo, panalibenso wowerenga. Wina anandikoka tsitsi n'kundigwetsa. Nsapato ina inandipeza m'nthiti, ina pakamwa, ndipo ndinamva dzino likundilowa m'mlomo. Achimwene ankakuwa kuti andisiye, kenako thupi lawo linandigwera pamwamba, n'kuyamba kulandira zimene zinali zanga. Anthu anawakoka miyendo kuwachotsa pa ine. Amene anagwira njinga uja anaitaya, ndipo inagwa ndi matumba ake anayi pa mwendo wawo wamanja n'kuwapanikiza pansi.

A tcheya anadzuka akupukuta diso ndi mkono, natola chitsulo chimene amawongolera makaliyala opindika. Mpaka lero amati ankafuna mota. Ine ndinali chigonere pafupi, ndinaona zonse. Koyamba chitsulocho chinagwera mota. Kachiwiri ndi kachitatu chinagwera bondo, ndipo phokoso lake limandibwererabe ndikamva munthu akuthyola nkhuni. Achimwene sanakuwe, anangotsegula pakamwa, maso ali kumwamba. Ena anali atazula kale batire, nalithira petulo, naliyatsa pakati pa msewu pamodzi ndi chinsalu chathu. Litaphulika anthu anabalalika, amayi akutaya tomato, ana akulira, ndipo ndicho chinatipulumutsa.

Magalimoto a alendo anali atathawa kale. Imodzi inabwerera, dalaivala yekha, atawasiya patali. Iye ndi amayi awiri a mu msika ndiwo anandithandiza kuchotsa matumba ndi njinga. Fupa linali litaboola buluku. Ndinakhala kumbuyo, mutu wawo uli pa miyendo yanga, magazi a pakamwa panga akudonthera pa chifuwa chawo, ndipo njira yonse ndinkangoti pepani, pepani. Ku chipatala cha pa boma anatitumiza ku chachikulu mu mzinda. Madokotala anayesetsa milungu iwiri, koma bala linayamba kununkha, mwendo unada, ndipo anaudula pamwamba pa bondo. Chikalata chovomereza anadinda ndi alamu, ndi chala. Atatuluka mu ofesimo anandipeza m'khonde, nandimenya khofi limodzi ndi dzanja lomwelo la inki, n'kubwerera kukakhala pafupi ndi amuna awo.

Pulofesa anabwera kuchipatala asanakwere ndege. Analira, nafunsa chifukwa chake palibe anamuuza kuti zingafike pamenepa. Woti amuuze ndinali ine. Mgwirizano unapitirira. Njinga anakaziyesa m'dziko lina, kampani inabadwa, ndipo dzina langa lili pa chikalata cha umwini wa nzeruyo. Mu lipoti la pa Limbuli munalembedwa kuti anthu a m'deralo sanali okonzeka kulandira zatsopano. Ndinalemba ndine, milomo idakali yotupa. Ntchito sindinasiye, ndipo mpaka lero ndimaphunzitsa.

Kupolisi ndinatchula mayina onse amene ndinkawadziwa, a tcheya poyamba. Anagwira asanu ndi mmodzi. Ndinkafuna awolere kundende, ndipo ndikanapatsidwa chitsulo chija ndikanadziwa pochigwetsa. Koma wapolisi atabwera pa bedi kudzalemba mawu, achimwene anati njinga inawagwera chifukwa anapachika katundu wochuluka, palibe anawamenya. Ndinakuwa m'wodimo mpaka anamwino ananditulutsa. Nditabwerera, wapolisi atapita, anandiyang'ana koyamba chidulire mwendo.

“Ukufuna ndinene zonse?” anandifunsa. “Ndiyambire pa njerwa?”

Amuna aja anatuluka sabata yomweyo. Kuyambira tsiku limenelo achimwene sankandilankhula, kupatula kupempha madzi alamu akachokapo.

Anatuluka m'chipatala patapita miyezi iwiri. Tinakwera minibasi tili atatu, ine, iwo ndi alamu, mpaka pa Limbuli. Kuchokera pamenepo kukafika kwathu galimoto sidutsa, ndipo njira yake ndi yomweyo ya chitunda. Ndinali nditakonza zoti tikatsikire patsogolo, ndikafune njinga za kwina. Koma iwo anamenya denga la minibasi pa siteji penipeni, natsika ndi ndodo zawo ziwiri, kondakitala akuwagwira m'khwapa.

Macheza onse pa siteji anaima. Amuna anaimirira mmodzimmodzi, ena akuyang'ana pansi, ena pa buluku lopanda mwendo. Kutsogolo kwa mzere kunali a tcheya, chipsera chofiira chitadula nsidze pakati. Ndinawadutsa ngati sindinawaone n'kukodola wachiwiri. Achimwene anatambasula ndodo n'kunditchinga nayo pa miyendo.

“Woyamba ndi uyu.”

“Achimwene, ameneyu ndi amene…”

“Ndamuona. Woyamba ndi uyu.”

A tcheya anabweretsa njinga. Panalibe moni. Iwo ndi alamu anakweza achimwene pa kaliyala. A tcheya anagwada, napinda buluku lopanda kanthu lija kuti lisakodwe m'masipoko, ndodo n'kuzimangirira m'mbali. Alamu anakwera njinga yachiwiri. Ine ndinakwera yachitatu, ya munthu amene ndikukhulupirira kuti ndi amene anandiswa mlomo, ndipo sindinamugwire m'chiuno ngakhale pa mabampu.

Pa chitunda chija wokwera aliyense amatsika n'kuyenda pansi. Ine ndi alamu tinatsika. A tcheya anatsika nayamba kukankha, achimwene ali pompo pa kaliyala, atagwira chishalo ndi manja awiri. Chapakati mapazi a a tcheya anayamba kuterereka pa timiyala, njinga inabwerera m'mbuyo n'kupendekeka. Ndinathamanga n'kugwira kaliyala kuti ndikankhe nawo. Achimwene sanacheuke. Anatsitsa dzanja, nachotsa zala zanga pa chitsulocho, chimodzichimodzi, ndipo ndinatsala nditaima pakati pa chitunda, iwo akukwera.